Funsani tikuyankheni: liwu loti "showdown" lija, tanthauzo lake ndi komwe linachokera

Mwezi uno makalata angapo abwera pa liwu limodzi lachingerezi lomwe lalowerera kwambiri mu nkhani za mpira, za nkhonya ngakhale za ndale, nde tangoti tiwaike onse pamodzi. Ena tawadulako pang'ono chifukwa cha malo.

FUNSO: Akulu, ine ndimakonda kuonera mpira wakunja ndipo pafupifupi wikendi iliyonse owulutsa mpira aja amangoti showdown showdown, poyamba ndinkayesa ndi dzina la chikho koma kenako ndinadzamva akunenanso pa nkhonya nde ndasokonezeka. Kodi liwuli limatanthauza chani kwenikweni ndipo linachokera kuti? Mnyamata wokonda mpira.

YANKHO: Achimwene, si dzina la chikho ayi. Showdown ndi kukumana komaliza kwa anthu awiri kapena magulu awiri omwe akhala akulimbana, kuopsezana kapena kuzembana kwa nthawi ndithu, ndipo ndi kukumana kuja koti mukachoka pamenepo nkhani yatha, wopambana wadziwika wogonja wadziwika, palibenso zoti tidzaonana mawa.

Komwe liwuli linabadwira ndi patebulo la njuga ku America. Kuli masewera a makadi otchedwa poker omwe anayamba kudziwika cha ku New Orleans kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1800, n'kufalikira ndi sitima zoyenda pamtsinje wa Mississippi momwe anthu apaulendo ankatayitsa nthawi ndi njuga. Poyamba ankasewera ndi makadi 20 okha, anthu anayi aliyense makadi asanu, kenako anadzayamba kugwiritsa ntchito paketi yonse ya makadi 52. Sindikukuphunzitsani njuga ayi, njuga yagwetsa mabanja ambiri, koma simungalimve bwino liwuli osadziwa mmene gemuyi imayendera.

Aliyense amapatsidwa makadi ake omwe anzake sakuwaona. Kenako kumayambika kubetcha, wina amaponya ndalama pakati pa tebulo ndipo wotsatira ali ndi njira zitatu, atha kuponya zofanana ndi za mnzakeyo kuti apitirize, atha kuwonjezera kuti akweze mtengo, apo ayi atha kungotaya makadi ake n'kutuluka, zomwe anaponya kale zija zapita basi. Nde munthu atha kukhala ndi makadi achabechabe koma n'kumabetcha molimba mtima nkhope ili gwa, anzake n'kuchita mantha kumataya makadi mmodzimmodzi mpaka iye kutsala yekha, ndipo akatsala yekha amakokolola ndalama zonse osaonetsa khadi ngakhale limodzi, palibe amene adzadziwe kuti m'manja mwake munali chani. Zikatha choncho ndiye kuti showdown sinachitike.

Imachitika pokhapokha kubetcha komaliza kwatha ndipo patsala anthu awiri kapena kuposerapo omwe akana kuthawa. Apa kuopsezana kwatha ntchito, makadi amayalidwa patebulo poyera, wamakadi amphamvu amatenga zonse. Kawirikawiri woyamba kuonetsa amakhala uja anamaliza kukweza mtengo, ngati kumuuza kuti iwe unalimba mtima uja tationetsa zomwe unali nazo. Liwu lenilenilo ndi mawu awiri ophatikizana, show ndi kuonetsa, down ndi pansi, kutanthauza kuyala makadi pansi kuti aoneke. Linkamveka pakati pa anjuga chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800, ndipo pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 linali litatuluka m'nyumba za njuga, anthu akulitchula pa mikangano ya ndale, ya pantchito ndi ina yotero.

Nde mukamva owulutsa mpira akulitchula wikendi iliyonse dziwani kuti nthawi zambiri akungokometsa malonda kuti musachoke pa TV. Matimu akuluakulu awiri akakumana pakati pa sizoni kudakali magemu ena makumi awiri kutsogolo, gemu yake itha kukhala yotentha zedi koma siithetsa kanthu, wogonja lero atha kudzatenga ligi. Ine ndimakana kuitcha showdown imeneyo. Yeniyeni ndi ngati fayinolo ya World Cup ija ya pa 18 December 2022 ku Qatar, Argentina ndi France, 3-3 nthawi yowonjezera itatha, Messi zigoli ziwiri Mbappé zitatu, mpaka mapenate 4-2 Argentina kunyamula chikho, panalibenso gemu ina yoti France ikakonzere. Ngakhale gemu ya ligi itha kufika pamenepo ikagwera malo oyenera. Pa 26 May 1989 Arsenal inapita kwa Liverpool pa gemu yomaliza ya sizoni ikufunika kupambana ndi zigoli ziwiri kuti itenge ligi, kupanda apo chikho chinali cha Liverpool, ndipo Michael Thomas anagoletsa chachiwiricho mu mphindi zomalizira zenizeni. Matimu awiri okhawo omwe amalimbirana ligi, bwalo limodzi, usiku umodzi. Imeneyo ndiye yoyenera dzinali.

FUNSO: Ine ndakula ndikuonera mafilimu a ma cowboy ndipo ndimadziwa kuti showdown ndi paja amuna awiri amaima pamsewu dzuwa lili paliwombo, manja pafupi ndi mfuti, wofulumira kusolola ndiye wapulumuka. Anzanga ena akuti za makadi koma ine sindikukhulupirira, sichinayambire kumeneko kodi? Bambo wachikulire.

YANKHO: Bambo, anzanuwo akunena zoona, linayambira ku makadi, koma inunso simunasochere kwambiri chifukwa mafilimu amenewo ndi omwe analitengera liwuli kudziko lonse ndipo chithunzi chomwe ambiri tili nacho m'mutu ndi chomwe mwafotokozacho. Kungoti kuwomberana kwadongosolo kotero, awiri pamsewu maso ndi maso, kunali kosowa kwambiri m'moyo weniweni kumadzulo kwa America. Ambiri omwe ankafa ndi mfuti ankawomberedwa modzidzimutsa, ataledzera, mumdima kapena chakumbuyo.

Nkhani imodzi yomwe inachitikadi mofanana ndi za m'mafilimu ndi ya pa 21 July 1865 mu tawuni ya Springfield ku Missouri, pakati pa Wild Bill Hickok ndi Davis Tutt, ndipo chochititsa chidwi n'choti gwero lake linali njuga yomweyo. Tutt ankati Hickok ali naye ngongole ya pamakadi, nde anamulanda wotchi yam'thumba ngati chikole n'kumayenda nayo poyera pofuna kumuchititsa manyazi. Anakumana pabwalo la pakati pa tawuni atatalikirana ndithu, onse anawombera, Tutt anaphonya, chipolopolo cha Hickok chinamupeza Tutt ndipo anafa. Hickok anaimbidwa mlandu koma khoti linamumasula. Koma taonani mmene iyeyo anadzafera, pa 2 August 1876 ku Deadwood ali pakati posewera poker yomweyo, munthu wina dzina lake Jack McCall anangomuwombera kumbuyo kwa mutu iye osaona n'komwe. Imfa yoteroyo palibe angaitche showdown chifukwa mbali imodzi sinapatsidwe mpata woonetsa zake, kumeneko ndi kupha kwachiwembu basi.

Ina yotchuka ndi ya ku Tombstone, Arizona, pa 26 October 1881 pafupi ndi khola la mahatchi lotchedwa O.K. Corral. Abale atatu a kwa Earp, Wyatt, Virgil ndi Morgan, pamodzi ndi mnzawo Doc Holliday anawomberana ndi gulu la a Clanton ndi a McLaury, zonse zinatenga mwina theka la mphindi, amuna atatu n'kufa, Billy Clanton ndi abale awiri Tom ndi Frank McLaury. Anthu amakonda kuitchula ngati chitsanzo chachikulu koma ine ndimaikayikira, chifukwa nkhani sinathere pamenepo. Patangopita miyezi iwiri Virgil anamubisalira n'kumuvulaza koopsa, mu March 1882 Morgan anaphedwa, kenako Wyatt naye anayamba kusaka adani ake kubwezera. Magazi anakhetsedwa ambiri tsiku lija koma chidani chinangokulirakulira.

FUNSO: Kodi showdown ndi shutdown ndi chimodzi? Ndimamva zonse ziwiri pa nkhani za ku America. Mtsikana wa pasukulu.

YANKHO: Ayi achemwali, kungofanana kamvekedwe. Shutdown ndi kutseka, ndipo pa nkhani za ku America amanena nthawi ija maofesi ena a boma amaima kugwira ntchito chifukwa aphungu a ku Congress ndi pulezidenti sanagwirizane pa bajeti. Chomwe chikukusokonezani n'choti ziwirizi zimayendera limodzi, mkangano wa bajetiwo atolankhani amautcha showdown ndipo ukakanika kutha zotsatira zake ndi shutdown. Mwachitsanzo kuyambira pa 22 December 2018 mpaka pa 25 January 2019, masiku 35, mbali ina ya boma inatsekedwa chifukwa Donald Trump ankafuna ndalama zomangira khoma m'malire ndi Mexico pomwe a chipani cha Democrat ankakana. Pamayeso musadzasinthanitse, mphunzitsi adzakuchotserani malikisi.

FUNSO: Ine ndimagwira ntchito yomasulira nkhani kuchoka m'Chingerezi kupita m'Chichewa ndipo liwuli limandivuta nthawi zonse, ndikalemba kuti nkhondo zimaoneka zokulitsa, ndikalemba kuti mpikisano zimazizira. Kodi m'Chichewa tili nalo liwu lake kapena tizingolemba shodawuni? Womasulira nkhani.

YANKHO: Akulu anzanga, funso lanu ndi lomwe landisangalatsa kwambiri mwezi uno. Mukuvutika chifukwa mukusaka dzina limodzi loti lilowe pamalo pomwe pali dzina lachingerezi lija, pomwe Chichewa zinthu zoterezi chimakonda kuzinena ndi mneni. Tili ndi ka -ana kaja komwe kamasonyeza kuti awiri akuchitirana, kuthana, kuswana, kuonana, kudziwana, ndipo timeneti timagwira ntchitoyi bwino kwambiri. Mutu wa nkhani ukati kuli showdown Loweruka pakati pa matimu awiri, inu musalimbane ndi liwulo, gwetsani chiganizo chonsecho mumange chanu, mulembe kuti matimu awiriwa athana Loweruka, kapena kuti Loweruka zidziwika kuti mwini chikho ndani. Kachiwiriko ndimakakonda koposa chifukwa mu "zidziwika" muli zonse ziwiri, kutha kwa nkhani komanso kutulukira poyera kwa zomwe zinali zobisika, komwe ndi kumene kuli mtima wa liwu lachingerezi lija.

Mukafuna dzina lenileni, loyandikira kwambiri ndi wafawafa, monga timanenera kuti gemu ya wafawafa kapena nkhondo ya wafawafa. Tanthauzo lake lili pamtunda, amene wafa wafa, palibe kudzukanso, nde limagwira bwino mbali ija yoti palibe mwayi wachiwiri. Chomwe lilibe ndi mbali ya kuonetsa zobisika komanso silifuna kuti awiriwo akhale ndi mbiri ya udani, matimu oti sanakumanepo atha kusewera gemu ya wafawafa mu ndime yachipulula. Kulimbana kwa mtima bii nakonso kumanena za kulimba mtima kwa olimbanawo, koma anthu atha kulimbana mtima bii kwa zaka osathana. Zafika pamponda chimera ikunena kuti zinthu zafika pachimake, ndi yabwino pofotokoza masiku omwe atsala pang'ono kukumanako, osati kukumana kwenikweniko. Ndewu ayi, ndewu imatha kubuka pa anthu oti angopondana phazi. Mkangano ndi uja wakhala ukuchitika kumbuyoku womwe tsopano ukufuna kuthetsedwa. Ndipo mwachita bwino kuopa liwu loti nkhondo, tikamalitchula pa chilichonse lidzatha mphamvu tsiku lomwe tidzalifune pa nkhondo yeniyeni.

Mwambi uja woti atambala awiri salira m'khola limodzi utha kukuthandizani poyambira nkhani, chifukwa umafotokoza chomwe chimabweretsa kukumana kotereku, malo ndi amodzi ofuna ndi awiri. Koma musautchule nkhani iliyonse, owerenga amatopa nawo.

Za kulemba shodawuni sindikuletsani, pocheza pa foni anthu akulemba kale ndipo Chichewa chalilandira ngati mmene chinalandirira gemu ndi fayinolo, timati showdown ya mawa, inali yoopsa, ma showdown awiri. Koma mu nkhani yoti iwerengedwe pawayilesi kapena m'nyuzi, komwe akumvera ndi agogo omwe, ine ndingasankhe "athana" kapena "zidziwika" nthawi ina iliyonse. Chinanso, m'Chingerezi liwuli ndi dzina chabe, nde mukamabwezera nkhani kuchoka ku Chichewa musalisandutse mneni ngati mmene timachitira ife ndi mawu obwereka.

FUNSO: Kodi pamayenera kukhala kumenyana kapena kufa kwa munthu kuti chinthu chitchedwe showdown? Ndinamva aphunzitsi a histole akunena choncho pa nkhani ya America ndi Russia ku Cuba koma nkhondo sinamenyedwe. Wophunzira wa ku koleji.

YANKHO: Sipafunika magazi ayi, kumbukirani kuti patebulo la makadi paja palibe amene amamenya mnzake. Aphunzitsi anu sanalakwitse, ndipo nkhani ya ku Cuba ya mu October 1962 ndi chitsanzo chabwino kuposa za mfuti zija chifukwa inayenda ndendende ngati poker. Soviet Union, dziko lomwe Russia inali mbali yake yaikulu, motsogozedwa ndi Nikita Khrushchev inkaika mwachinsinsi mizinga ya nyukiliya ku Cuba, mtunda wa makilomita pafupifupi 145 kuchokera ku Florida. Pa 14 October ndege ya ukazitape ya America yotchedwa U-2 inajambula zithunzi za malo omwe ankamangawo, pa 22 October pulezidenti John F. Kennedy anauza dziko lonse pa TV n'kulamula kuti sitima zankhondo zizinge chilumbacho kuti zida zina zisalowe. Aliyense anakweza mtengo, aliyense akuyembekeza kuti mnzake achita mantha.

Pa 25 October ku Security Council, nthambi yoona za chitetezo ya United Nations, kazembe wa America Adlai Stevenson anafunsa kazembe wa Soviet Union Valerian Zorin kuti ayankhe ngati mizingayo iliko kapena kulibe, Zorin anazemba funsolo, nde Stevenson anatulutsa zithunzi zija zikuluzikulu n'kuziimika pamaso pa onse. Kumeneko ndiye kuyala makadi patebulo kwenikweni. Pa 28 October Khrushchev analengeza kuti achotsa mizingayo ndipo America inalonjeza kuti siidzalowa Cuba ndi nkhondo. Masiku amenewo dziko lonse linagona ndi mantha.

Koma poti ndinu wophunzira dziwaninso ichi, khadi limodzi linatsala lobisika. America inavomera mwachinsinsi kuchotsa mizinga yake ya Jupiter ku Turkey ndipo inachotsadi mu 1963, anthu wamba anadzamva patapita zaka kuti zinali mbali ya mgwirizano. Pamaso pa dziko zinaoneka ngati Khrushchev wagonja kotheratu pomwe kuseri onse awiri anapatsana kanthu. Pa ndale nthawi zambiri zimatero, nde mukamawerenga nyuzi zikutchula liwuli pa atsogoleri muzidzifunsa ngati zonse zaonetsedwadi.

FUNSO: Kutchalitchi timamva za Aramagedo ngati nkhondo yomaliza, ndipo ndinamvanso munthu akuti uje wakumana ndi Waterloo yake. Kodi amenewa ndi mawu amodzi ndi showdown? Mayi wa kwaya.

YANKHO: Amayi, ndi apachibale koma aliyense ali ndi pake. Harmagedo, ena amati Aramagedo, imatchulidwa kamodzi kokha m'Baibulo lonse, pa Chivumbulutso 16:16, ngati malo omwe mafumu a dziko adzasonkhanitsidwe ku nkhondo ya tsiku lalikulu la Mulungu. Akatswiri ambiri amati dzinali likuchokera ku Chihebri, Har Megiddo, phiri la Megido. Megido unali mzinda weniweni kumpoto kwa Israel ya lero, pamalo pomwe pankadutsa msewu waukulu wochokera ku Egypt kupita kumayiko a kumpoto ndi kum'mawa, nde ankhondo ankakumanapo kawirikawiri. Farao Thutmose III anamenyapo nkhondo zaka zoposa 1400 Yesu asanabadwe, ndipo mfumu Yosiya ya Yuda inaphedwa pomwepo ndi Farao Neko monga mukuwerenga pa 2 Mafumu 23:29. Masiku ano anthu akati Aramagedo amatanthauza chiwonongeko chachikulu choti palibe chotsala, nde ndi liwu lolemera kwambiri, si loti n'kuliika pa mpira.

Waterloo ndi malo a ku Belgium komwe pa 18 June 1815 Napoleon wa ku France anagonjetsedwa ndi asilikali otsogozedwa ndi Wellington wa ku Britain ndi Blücher wa ku Prussia, ulamuliro wake n'kuthera pomwepo, anamutumiza ku chilumba cha St Helena komwe anamwalira mu 1821. Azungu akati munthu wakumana ndi Waterloo yake akuyang'ana mbali ya wogonjayo, munthu woti wakhala akupambana nthawi zonse koma lero wapeza womuposa, ndipo amanena zinthu zitachitika kale. Showdown silitenga mbali ndipo mutha kulinena zisanachitike, wopambana asanadziwike.

FUNSO: Akulu ndithandizeni, kuntchito kwathu kuli mnzanga wina yemwe kwa miyezi ingapo wakhala akundinenera mabodza kwa abwana kuti ine ndi amene ndimachedwetsa malipoti pomwe ndi iyeyo amene satumiza manambala ake nthawi yabwino, ndili ndi mameseji onse pa foni. Mchemwali wanga akuti ndipange naye showdown basi zithe. Kodi liwuli likukwana pamenepa, nanga ndipange? Mayi wodandaula.

YANKHO: Amayi, pepani ndi zomwe mukukumana nazo, kunamiziridwa pantchito kumawawa ndipo kumadya munthu tulo. Liwulo likukwana ndithu, Azungu amalinena pa mikangano ya muofesi ngakhale ya m'banja, ndipo nkhani yanu ili ndi zonse, mkangano wa nthawi yaitali, wina yemwe wakhala akupambana ndi bodza chifukwa palibe anamuuza kuti aonetse umboni, ndi inu amene muli ndi mameseji m'manja. Koma ndikufuna mumve kulemera kwa zomwe mchemwali wanu akunena. Mukayala zanu poyera simungazibwezenso m'thumba, mnzanuyo nayenso adzayala zake ndipo mwina ali ndi tsiku limodzi kapena awiri omwe munachedwadi inuyo, komanso zikatha mudzafunikabe kukhala naye ofesi imodzi Lolemba m'mawa. Nde musanapite kumeneko khalani pansi muwerenge mameseji anuwo ngati munthu wapadera woti sakudziwani, muone ngati akusonyezadi masiku ndi nthawi momveka bwino, osati zongokumbukira.

Ngati simunayambe mwalankhulapo naye pa awiri, yambani kaye kumeneko, mumuuze modekha kuti mukudziwa zomwe akunena ndipo muli ndi umboni, anthu ambiri otere amasiya akangodziwa kuti mnzawo sakuopa, ndipo nkhani imatha wina osayaluka. Zikakanika, musakapange zokalipirana pakhonde anthu akuonerera, kumeneko kudzangokhala phokoso ndipo mawa abwana adzati nonse awiri ndinu ovuta. Pamafunika munthu wachitatu yemwe ali ndi mphamvu yogamula, kaya abwana anuwo kaya a ofesi yoona za ogwira ntchito. Lembani kalata yopempha kuti mukumane nonse atatu, mutchule mwachidule nkhani yake, musindikize mameseji aja muwasanje motsata masiku, ndipo mupemphe kuti mnzanuyo auzidwiretu zomwe zikakambidwe kuti naye abwere atakonzeka.